Ku Kinshasa kudalibe ufiti, lidali luso

Anzanga ambiri okonda nkhonya ali ndi matenda amodzi. Maso awo amangokhala pa chibakera chimene chagwetsa munthu. Chibakera chimene chapita m'malere chifukwa mwini mutu wausuntha pang'ono, chimenecho sachiwerengera. Matenda omwewa ndawapeza mu filimu ya Leon Gast, When We Were Kings, imene idatuluka mu 1996 n'kupata mphoto ya Oscar chaka chotsatira.

Filimuyi ikukamba za nkhonya ya pa 30 October 1974 ku Kinshasa, m'dziko limene nthawiyo linkatchedwa Zaire. George Foreman, wa zaka 25, adali atamenya nkhonya 40 osagonjapo, ndipo mu 1973 adagwetsa Joe Frazier kasanu ndi kamodzi m'maraundi awiri okha. Muhammad Ali adali ndi zaka 32, miyendo itayamba kulemera. Ambiri ankati mkuluyu akukafera ndalama.

Pena Gast tiyeni timuyamikire. Nthabwala za Ali, nyimbo za James Brown ndi Miriam Makeba, chithunzithunzi cha Mobutu chikuphimba zonse, izi adazilumikiza mwaluso. Naye mlembi Norman Mailer akufotokoza bwino za raundi yoyamba, mmene Ali ankayambira ndi dzanja lamanja, chinthu chimene kwa katswiri mnzako chili ngati kumutukwana.

Koma tikafika pa zingwe paja, filimu ikuchita mphwayi. Kuyambira raundi yachiwiri Ali adasiya kuvinavina n'kukatsamira zingwe. Woonera wosadziwa amangoti munthuyu adali wolimba mtima, ankangolandira zibakera kudikira kuti mnzake atope. Ayi ndithu. Taonetsetsani. Magolovesi ali kumaso, zigongono zaphimba nthiti. Foreman akaponya cha kumutu, Ali akugonera chagada pa zingwe, chibakera n'kufika chitatha ukali. Akayandikira kwambiri, Ali akumukoka khosi n'kumulemetsa, uku akumunong'oneza zomupsetsa mtima. Mpata ukapezeka, akumulasa kumaso ndi zibakera zowongoka. Pamene Foreman ankagwa mu raundi ya 8, majaji onse atatu n'kuti atamuika kale Ali patsogolo. Munthu wongomenyedwa satsogola pa mapointi, abale.

M'malo motionetsa zimenezi pang'onopang'ono, Gast akupereka mpata kwa mlembi wina, George Plimpton, kuti atiuze za sing'anga amene akuti adalosera zoti mkazi wa manja onjenjemera adzamufoola Foreman. Kamera n'kulunjika pa nkhope ya Makeba! Apa ndiye ndidakwiya. Si nanga nkhonyayi idachitikira mu Africa, ndiye basi pakhale mankhwala? Chipongwe chake chikupweteka awiri: mayi wathu woimba uja, amene wasandutsidwa chiwanda, ndi Ali mwini wake, amene nzeru zake zasanduka matsenga. Ikadachitikira ku New York, bwenzi atafunsa aphunzitsi a nkhonya, osati kutipatsa nthano za pamowa.

Chinanso filimu sikuchenjeza mokwanira. Njira ya pazingweyi si yotengera. Zibakera zambiri za Foreman zidalowa ndithu m'nthiti ndi m'mimba, ndipo Ali adapirira chifukwa adali atalikonzekeretsa thupi. Mnyamata amene angaone filimuyi n'kukatsamira zingwe mawa lake, akamutola pa machira.

Amene adaphunzira bwino phunziroli ndi Foreman yemwe. Atabwerera mu nkhonya mu 1987 adali wodekha, akutchinga ndi mikono yopingasa monga ankachitira Archie Moore, osamwaza mphamvu. Mu 1994, ali ndi zaka 45, adagwetsa Michael Moorer n'kutenganso lamba. Paja akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Filimuyi ioneni, ndi yokoma. Koma ikafika pa zingwe, tsekani makutu kwa Plimpton, muyang'ane zigongono za Ali.