Si Perete Ayi

Olemba za mbalame za penguin za pachilumba cha Phillip, ku Australia, amakonda mawu akuti "perete". Ine mawuwa ndimawakana. Perete ndi wa asilikali onyadira maso a anthu. Timbalameti, totalika masentimita 33 okha, timadikira m'nyanja mpaka chisisira, kenaka n'kuvuuka m'magulumagulu. Tina timabwerera m'madzi kawiri katatu tisanalimbe mtima, poopa mbalame zolusa. Komabe timadutsa mchengawo, pakuti kumauna anapiye akulira njala.

Boma la Victoria linazindikira kuti moyo wa timbalameti uli pachiswe, ndipo kuyambira 1985 linayamba kugula nyumba za ku Summerland n'kumazigumula. Koma alembi athu akuombabe m'manja ngati akuonera zisudzo.