Chikhululuko cha Bingu cha pa 29 Meyi 2010

Loweruka pa 29 Meyi 2010, atangomaliza kukambirana ndi mlembi wamkulu wa United Nations, Ban Ki-moon, ku Lilongwe, Pulezidenti Bingu wa Mutharika analengeza kuti wakhululukira Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga. Awiriwa anachititsa chinkhoswe ku Mankhoma Lodge mumzinda wa Blantyre pa 26 Disembala 2009, apolisi n'kuwanjata patapita masiku awiri, ndipo pa 20 Meyi 2010 majisitireti Nyakwawa Usiwa-Usiwa anawalamula kukaseweza zaka 14 za ntchito yakalavulagaga. Zimene Bingu ananena zinali zachidule. Anati anyamatawa alakwira chikhalidwe chathu, chipembedzo chathu ndi malamulo athu. Komabe iye monga mtsogoleri wa dziko wawakhululukira, atulutsidwe nthawi yomweyo popanda chowamangirira. Ndipo wachita izi pomvera chisoni, osati chifukwa chogwirizana ndi zimene anachitazo.

Maiko akunja anamvapo chikhululuko chokhacho n'kuwomba m'manja. Koma mawuwo akuyamba ndi mlandu, ndipo milanduyo ndi itatu, yondandalikidwa mwadala: chikhalidwe patsogolo, chipembedzo pakati, lamulo pambuyo. Kukhoti kunazengedwa wachitatu wokhawo, poti m'buku la zilango mulibe gawo lolanga munthu wolakwira chikhalidwe kapena chipembedzo. Mphamvu yokhululukira imene pulezidenti ali nayo imathera pa lamulo pomwepo. Atha kutsegulitsa chipata cha ndende ya Chichiri, koma milandu iwiri yoyambayo imazengedwa pakhonde pa amalume, kumzikiti ndi kubwalo la akulu ampingo, ndipo kumeneko Bingu sanapemphereko chifundo aliyense. Anaitchula, n'kuisiya ili chiimire.

Taonaninso mmene "chathu" akubwerezedwera katatu. Amene walakwira zathu ndiye kuti waima kunja kwa mpanda. Chonsecho awiriwa sanachite mwambo wachilendo ayi, anachita chinkhoswe, mwambo umene banja lililonse la kuno limaudziwa. Ndipo pa zitatu zija, chimene chili chathu pang'ono kwambiri ndi lamulolo: gawo 153, limene awiriwa anazengedwa nalo mlandu, lili m'buku limene linayamba kugwira ntchito mu 1930, dziko lino likali Nyasaland m'manja mwa atsamunda a ku Britain.

Nanga "anyamatawa"? Tiwonge ankadziona kuti ndi mkazi, ankavala ngati mkazi, ndipo omuzungulira ankamuitana kuti Aunt Tiwo. Pomutchula mnyamata, Bingu anafufuta zimene mwiniwakeyo ankanena za moyo wake. Mawuwo anasandutsanso anthu akuluakulu kukhala ana opulupudza amene bambo wawaleka kukwapula chifukwa pakhomo pafika alendo. Munthu wokhululukidwa motero sapatsidwa ufulu, amangopatsidwa mwayi, ndipo mwayi utha kulandidwa mawa. Zinaonekadi posachedwa: nduna Patricia Kaliati inachenjeza kuti awiriwa akapitiriza atha kumangidwanso, mu Disembala 2010 aphungu anawonjezera gawo 137A lolanga akazi ogonana okhaokha zaka zisanu, ndipo Bingu yemweyo analisainira kumayambiriro kwa 2011. Tiwonge anathawira ku Cape Town.

Chiganizo chomaliza chija, chakuti sakugwirizana nazo, sichinali cha Ban Ki-moon. Chinali chathu, ife omvera pawailesi. Chinkatiuza kuti pulezidenti wagonjera alendo, koma mtima wake uli nafe. Alendowo anafuuladi. Woyimba Madonna, amene anatenga David Banda ndi Mercy James kukhala ana ake ndipo ankadziwika kuno ndi bungwe la Raising Malawi, anadzudzula chigamulocho poyera n'kupempha anthu kuti asainire chikalata chodandaula. Ine sindipeputsa phokoso limenelo, chifukwa pakanapanda ilo anthu awiri akanavutika m'ndende zaka zambiri. Koma linasiya ngongole. Kuyambira pamenepo kwakhala kosavuta kunena kuti nkhaniyi ndi ya azungu, ngati kuti loya Mauya Msuku amene anawaimira, kapena Gift Trapence wa bungwe la CEDEP ndi Undule Mwakasungula wa bungwe la CHRR amene analankhula ali pakati pathu pompano, sanali Amalawi.

Ku America kunachitika zofananako mu Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, uja ambiri amautchula wa a Mormon, umene ulinso ndi matchalitchi ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mu Novembala 2015 mpingowu unalamula kuti mwana wokhala ndi makolo amuna okhaokha kapena akazi okhaokha asabatizidwe mpaka atakwana zaka 18 ndiponso atakana ukwati wotero. Mu Epulo 2019 lamulolo linachotsedwa, koma chiphunzitso chinakhala chomwecho: chilango chinachepa, chiweruzo sichinasunthe, monga kwa Bingu. Kusiyana kuli pa amene anakweza mawu. Dan Reynolds, woyimba wa gulu la Imagine Dragons, anakulira mumpingomo ndipo anakhalapo mmishonale wake. Mu 2017 anayambitsa chikondwerero cha LoveLoud ku Orem m'boma la Utah, chifukwa cha achinyamata amene ankafika podzipha atakanidwa kwawo. Ankalankhula ndi makolo anzake a mpingo umodzi, ndipo panalibe wonena kuti watumidwa ndi alendo.

Tsono bweretsani mawu a Bingu aja kunyanja ya Chiuta, kwa Ngokwe m'boma la Machinga, kumene azana woitanira ku swala amamveka asodzi akali m'mabwato. Pali mnyamata, tinene wa fomu 2, amene anzake padooko amamukuwiza akamadutsa chifukwa cha kayendedwe ndi kalankhulidwe kake, ena n'kumuponyera liwu lija la mathanyula. Anavinidwa kujando monga anzake onse, amathandiza kuyanika matemba pathandala, Lachisanu amakhala pamzere umodzi ndi bambo ake. Wapolisi mwina sadzamufunsa kanthu moyo wake wonse. Chimene chimamusowetsa tulo ndi tsiku limene amalume adzaitanitse msonkhano wa pabanja, mayi ake atakhala pamphasa akuyang'ana pansi, n'kumuuza kuti asankhe kukwatira chaka chomwecho kapena kukwera sitima ya ku Nayuchi osabwereranso. Milandu yake ndi iwiri yoyamba ija. Dzina lake silidzafika kwa woyimba aliyense wotchuka, ndipo ngakhale litafika, chikalata cha pa intaneti sichilowa pamsonkhano wa amalume. Amene angamuteteze pamenepo ndi shehe, abusa, agogo aakazi kapena aphunzitsi ake, wina wa "ife" amene anganene kuti mwanayu ndi wathu ndipo sachoka pakhomo pano. Kunena zimenezo sikufuna kuti munthu asinthe chikhulupiriro chake pa za ukwati.

Mu Julayi 2023 atsogoleri a mipingo ndi a Chisilamu anatsogolera maulendo a pamsewu okana maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, ndipo ku Blantyre patsogolo panali Arkibishopu Thomas Luke Msusa. Ali ndi ufulu wophunzitsa zimene amakhulupirira. Chondiwawa n'chakuti ana a m'mipingo ndi m'mizikiti yomweyo anaonerera ulendowo akudziwa kuti akunenedwa ndi iwo. Pa 28 Juni 2024 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linakana pempho la Jan Willem Akster ndi Jana Gonani (Gonaniyu anamangidwa ku Mangochi, boma loyandikana ndi Machinga), ndipo linasiya gawo 153 monga lilili, kuti ofuna kulisintha akadandaule kwa aphungu.