Pasipoti ya Arthur Less

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino ndabwera ndi mabuku awiri omwe ena mwa inu mungoona nkhani yake n'kudutsa. Nkhani ya amuna okondana ndi amuna anzawo, kapena akazi ndi akazi anzawo, ikangotchulidwa kuno ndemanga zimasanduka bwalo la milandu: wina ndi vesi, wina ndi malamulo, wina ndi chipongwe. Koma paja chinatisonkhanitsa pano ndi mabuku, ndiye tiyeni tiwerenge kaye. Loyamba ndi Less, nkhani yopeka ya Andrew Sean Greer wa ku America, yomwe inatuluka mu 2017 n'kupata mphoto ya Pulitzer mu 2018. Lachiwiri ndi The Pink Line la Mark Gevisser wa ku South Africa, la mu 2020, ndipo ili ndi la anthu enieni. Onse awiri ndi mabuku a maulendo.

Arthur Less ndi mlembi wa ku San Francisco, wosatchuka kwenikweni, yemwe watsala pang'ono kukwanitsa zaka 50. Mnyamata yemwe wakhala naye pa chibwenzi zaka 9, Freddy, akukwatirana ndi mwamuna wina, ndipo kalata yoitanira ku ukwati yafika. Kupita n'kowawa, kukana n'kochititsa manyazi. Ndiye mkuluyu akutenga makalata onse omuitanira ku misonkhano ya alembi omwe anangowaunjika, n'kuvomera onse, kuti tsiku la ukwati limupeze ali kutali. New York, Mexico, Italy, Germany, France, Morocco, India, Japan. Ndani wa ife sanayambe wapekapo ulendo pothawa mwambo wa munthu yemwe anamukonda?

Bukuli ndi loseketsa, ndipo apa a Greer ndiwapatse ulemu wawo. Ku Berlin, Less amakhulupirira kuti Chijeremani amachitha, pomwe zomwe akulankhulazo n'zopindika ngati Chichewa cha mzungu wa sabata ziwiri. Wolemba akutipatsa ziganizo zakezo m'Chingerezi chopindikanso chimodzimodzi, moti ife tikumva zomwe Ajeremaniwo akumva, mwini wake osadziwa. Koma pansi pa nthabwalazo pali chinthu cholemera. Less ndi wa m'badwo womwe akuluakulu ake ambiri anatha ndi Edzi, choncho alibe woti amuonerepo kuti mwamuna wa mtundu wake amakalamba bwanji. Inu amene munaona midzi ikutsala ndi agogo ndi adzukulu m'zaka za m'ma 1990, simufunika kukufotokozerani kuti m'badwo wapakati ukasowa otsala amayenda bwanji.

Mutu womwe ndikufuna tikhalepo ndi wa ku Morocco, chifukwa ndi pomwe Less akuyenda pa gulu. Ndi ulendo wa anthu a ndalama zawo, okondwerera tsiku lobadwa la mayi wina dzina lake Zohra, yemwenso mkazi mnzake wangomusiya kumene. Akwera ngamira kulowa m'chipululu cha Sahara, ndipo anthu akudwala mmodzimmodzi, gulu likuchepa tsiku ndi tsiku. Pakati pa zimenezi Lewis, mnzake wakale wa Less, akumuuza kuti iye ndi mwamuna wake Clark akusiyana atakhala limodzi zaka 20. Palibe ndewu, palibe wachitatu amene anawasokoneza. Anagwirizana poyamba kukhala zaka 10, zitatha anaonjezera zina 10, ndipo tsopano aona kuti zakwana. Lewis akuti banja lotere lapambana, silinalephere. Less zikumupweteka kuposa mwini wake, chifukwa banja limeneli ndi lomwe iye ankaloza akafuna umboni woti amuna awiri angathe kukalamba m'nyumba imodzi.

Taonani zomwe wolemba wachita apa. Watitengera ku chipululu, ngamira zili apo, nyenyezi zili apo, koma zomwe anthuwa akukambirana ndi za kunyumba: kukhala ndi munthu mmodzi zaka zambiri, kutopa naye, kumuzolowera, kuopa kukalamba wekha. Chimodzimodzi kumapeto, pomwe Robert, wolemba ndakatulo yemwe Less anakhala naye zaka pafupifupi 15, wadwala sitiroko ndipo amene ali pambali pake ndi Marian, mkazi yemwe Robert yemweyo anamusiya chifukwa cha Less. Izi ndi nkhani zoti ankhoswe a kwathu angazimve popanda womasulira.

Ndipo apa ndi pomwe Chichewa chathu chimandipatsa maganizo. Pa wayilesi ndi m'nyuzipepala mawu omwe tinazolowera ndi akuti "ogonana amuna kapena akazi okhaokha". Mawu onsewo aima pa mphasa. Mulibemo lendi, mulibemo kudwazika matenda, mulibemo kukangana za amene waiwala kugula magetsi. Mwamuna ndi mkazi timati ali pa banja, sitiwatchula ndi zomwe amachita usiku. Kaya inu mumagwirizana nazo kaya ayi, ngati ndinu mlembi ndipo mukufuna kuika munthu wotere m'nkhani yanu, mawu amenewa akupatsani chithunzi cha theka. Buku la Less pafupifupi lonse lili mu theka linalo.

Tsopano podandaula panga. Ku Morocco, gawo 489 la malamulo a milandu limapereka chilango chofika zaka 3 m'ndende kwa anthu ogonana ndi anzawo ofanana nawo ziwalo. Ku India, gawo 377 linali likugwirabe ntchito pomwe bukuli limatuluka. Khoti lalikulu la kumeneko linachotsa mbali imeneyi mu Sepitembala 2018. Less akudutsa m'maiko awiriwa ndipo zimenezi sizikumukhudza ngakhale pang'ono. Eni dziko ali m'bukumo ngati otsogolera alendo, oyendetsa galimoto, operekera zakudya. Kodi pakati pa anyamata okoka ngamirawo panalibe mmodzi yemwe amayang'ana alendowa akukamba momasuka za amuna awo, iye n'kumameza mawu? Bukuli silifunsa. Chomwe chikumuteteza Less ndi pasipoti ya America ndi khadi la ku banki, ndipo iye sakuziona chifukwa sanayambe wakhalapo opanda. Inu amene munaimapo pa mzere wa viza ya ku Ulaya, mapepala a ku banki ali m'manja, mukudziwa kuti "ndingonyamuka ndithawe ukwati" si chiganizo cha aliyense.

Zoona, a Greer akudziwa za vutoli. Zohra yemwe uja akumuuza Less pamaso kuti n'kovuta kumvera chisoni mzungu wa zaka zapakati yemwe akungoyendayenda ndi madandaulo ake, ndipo mawu amenewa ndi omwe akuchititsa Less kulembanso buku lake ngati nthabwala. Ndi nzeru, eya. Koma kudzitchulira wekha chilema sikuchichiritsa. Wolemba wadziseka, ife taseka naye, wokoka ngamira uja akadali chete.

Apa ndi pomwe The Pink Line ikulowera, ndipo ikuyambira pakhomo pathu penipeni. Munthu woyamba m'bukuli ndi a Tiwonge Chimbalanga, omwe ambiri tinkawadziwa kuti Aunt Tiwo. Mukukumbukira: chinkhoswe ndi a Steven Monjeza ku Blantyre mu Disembala 2009, kumangidwa patangopita masiku ochepa, chilango cha zaka 14 mu Meyi 2010, kenaka Pulezidenti Bingu wa Mutharika kuwakhululukira pa 29 Meyi, tsiku lomwe a Ban Ki-moon anali m'dziko muno. Kwa ambiri a ife nkhani inathera pomwepo. A Gevisser akuitsatira mpaka ku Cape Town, komwe a Tiwonge anakakhala ngati wothawa kwawo. Cape Town yemweyo ndi mzinda womwe makampani a zokopa alendo amautsatsa kwa magulu a alendo ngati Less, m'dziko lomwe linavomereza maukwati otere mu 2006. Koma wina amafikira ku hotela ya m'mbali mwa nyanja, wina ku makomboni, komwe kukhala mlendo wochokera ku Malawi ndi vuto lina pa lokha, ntchito kulibe, ndipo chitetezo cholembedwa m'malamulo sichikuperekeza pokagula ndiwo.

Chinthu china chomwe bukuli likuonetsa n'chakuti dziko lonse linalemba kuti unali ukwati wa amuna awiri, pomwe a Tiwonge amadziona ngati mkazi. Otsutsa ndi oikira kumbuyo omwe, onse anawaveka dzina lomwe eni ake sanasankhe. Mwa njira ina Chichewa apa chili ndi mwayi: "iye" wathu sasankha mwamuna kapena mkazi, pomwe wolemba m'Chingerezi amayenera kugamula mlanduwo m'chiganizo choyamba chomwe.

A Gevisser akupitanso kwina: kwa akazi awiri a ku Guadalajara, Mexico, omwe akulimbana kuti maina a onse awiri alembedwe pa chikalata cha kubadwa cha mwana wawo, kwa akazi ena awiri omwe anatsegula malo omwera khofi ku Cairo, ku Russia, ku Uganda, ku India. Mitu yofotokoza ndale ndi mbiri yomwe aika pakati pa nkhanizi ndi yolemera, ina imakoka ngati lipoti la bungwe, ndipo sindingakudzudzuleni mutaidumpha ulendo woyamba. Nkhani za anthu ndi zomwe zimagwira.

Komabe musathamangire kunena kuti bukuli lakonza zomwe Less analakwitsa. A Gevisser nawonso ndi munthu wa pasipoti ndi tikiti yobwerera. Amafika, amamvetsera, amalemba, amakwera ndege. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo sabisa zimenezi, ngakhale nkhani ya ndalama yomwe imalowa pakati pa wolemba wopeza bwino ndi munthu wosauka yemwe akumulemba. Koma mawu a Aunt Tiwo akutifika atadutsa m'Chingerezi cha munthu wina, m'buku lomwe mtengo wake ambiri a ku Chirimba kapena ku Thyolo sangaukwanitse. Nkhani inachitika m'Chichewa: chinkhoswe chinali cha Chichewa, kuseka kwa anthu kunja kwa khoti kunali kwa Chichewa, ndipo tikuiwerenga yomasuliridwa ndi mlendo.

Mu Juni 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko lino linakana pempho lofuna kuthetsa magawo a malamulo oletsa mchitidwewu, ndiye amene angalembe za moyo wake wotere m'dzina lake lenileni kuno akudziika pa ngozi yeniyeni. Koma nkhani yopeka sifuna dzina la munthu weniweni. Pa nkhani zifupizifupi zomwe mumatumiza m'gulu lino timawerenga za mahule, za afiti, za mbava, za abusa achinyengo, ndipo palibe amene amati wolembayo ndi mfiti. Amene muli ndi Less yambani ndi mutu wa ku Morocco, muwerenge zomwe Lewis akunena za zaka 20 zija, kenaka mubwere m'ndemanga mutiuze ngati ankhoswe a kwanu angavomere kuti banja limenelo linapambana.