Annie wa Lily Banda ndi chikondi cha nthawi ya njala

Loweruka lapitali kutentha kwa kuno ku Chitala kunandikaniza tulo, ndiye ndinangotenga foni n'kuoneranso The Boy Who Harnessed the Wind. Aka kanali kachitatu. Ulendo uno sindinalabadire za makina a mphepo aja. Maso anga anali pa Annie, mchemwali wake wa William, ndi chibwenzi chake ndi mphunzitsi Mike Kachigunda.

Kwa amene simunaionere: filimuyi inatuluka pa Netflix m'chaka cha 2019, ndipo inachokera m'buku la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer la mu 2009. Nkhani yake ndi ya ku Wimbe, ku Kasungu, panthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Anaitsogolera ndi Chiwetel Ejiofor, wobadwira ku London, yemwenso anasewera ngati bambo Trywell. William ndi Maxwell Simba wa ku Kenya, mayi Agnes ndi Aïssa Maïga yemwe anabadwira ku Senegal n'kukulira ku France, pomwe Kachigunda ndi Lemogang Tsipa wa ku South Africa. Pa anthu akuluakulu a m'banja la Kamkwamba, Mmalawi ndi Lily Banda basi.

Itangotuluka, tonse tinaseka Chichewa cha Ejiofor. Inenso ndinaseka nawo, sindikana. Koma vuto lake si kusadziwa mawu, mawuwo anawaloweza ndithu. Chichewa chili ndi kakwezedwe ndi katsitsidwe ka mawu. Mtengo womera kutchire ndi mtengo wa chimanga pamsika timalemba chimodzimodzi, koma khutu limasiyanitsa. Munthu akaphonya pamenepo, ngakhale nkhope yake ikulira zenizeni, ife timamva ngati akuwerenga. Ejiofor ndi katswiri, aliyense amene anaonera 12 Years a Slave akudziwa. Trywell wake akakhala chete, atazyolika m'munda wouma, amandigwira mtima. Akangotsegula pakamwa, ndimakumbukira kuti ndagwira foni.

Nanga Lily Banda? Iyeyu sakulimbana ndi lilime, ndiye mphamvu zake zonse zikupita ku zimene Annie sakunena. Annie ndi mtsikana wanzeru yemwe akulakalaka yunivesite, koma pakhomo ndalama palibe, ndipo banja lafika podya kamodzi patsiku. Akathawa ndi Kachigunda, sungadziwe bwinobwino ngati chamutenga ndi chikondi kapena akungofuna kuchepetsa pakamwa podya pakhomo pa makolo ake. Lily sakutiyankhira funsoli, ndipo wachita bwino. Taonani mmene amayang'anira pansi akamayankhula ndi amayi ake, n'kudzutsa maso pang'ono chabe. Ulemu ulipo, mkwiyo ulinso pomwepo. Zimenezi tinazionapo kwa azichemwali athu, ndipo si zoti ungaziphunzire m'milungu yochepa.

Chimene chimandiwawa n'chakuti chikondi chimenechi anachipatsa malo ochepa. Tsipa ndi wooneka bwino, wofatsa, koma Kachigunda wake sitimudziwa. Pankhaniyi ali ndi ntchito ziwiri zokha: William amuopseze kuti aulula chibwenzicho kuti apeze mwayi wolowa mulaibulale, kenaka dayinamo ya njinga yake ifike m'manja mwa William. Akakhala awiriwiri ndi Annie, sindimva kuti pali chimene chingawatayitse makolo ndi mudzi. Yerekezani ndi Pride and Prejudice ya 2005, pomwe Matthew Macfadyen amangotambasula zala atagwira dzanja la Keira Knightley pomukweza m'ngolo. Kamphindi kamodzi, nkhani yonse yamveka. Annie ndi Mike kamphindi kotere sanapatsidwe.

Ndikudziwa zimene ena munganene: popanda dzina la Ejiofor ndalama zojambulira zikanachokera kuti? N'zoona. Komanso iye anasankha kujambulira ku Malawi konkuno, m'chiyankhulo chathu, pomwe akanatha kungopanga zonse m'Chingerezi. Apo ndiye ndikumuvulira chipewa. Koma kusankha Mmalawi si nkhani ya chifundo ayi, ndi nkhani ya luso. Shemu Joyah anaonetsa kale mu The Last Fishing Boat ya 2012 kuti Flora Suya ndi malemu Hope Chisanu atha kusenza filimu yonse. Anthu analipo.

Tsiku lina wina adzafuna kujambula Nthondo ya Samuel Ntara, buku la mu 1933, kapena nkhani ina yakale ya chikondi imene tinawerenga kusukulu. Wandalama adzafunsa kuti dzina lodziwika ndi liti. Pempho langa n'loti wosankha osewera adzayambe watsinzina, amvetsere kaye mawu. Ngati agogo a kuno ku Chitala, osaona sikirini, angakhulupirire kuti akuyankhulayo ndi mdzukulu wawo, ameneyo ndiye woyenera.

Inu mukaioneranso, muzamuyang'anitsitse Annie. Mundiuze ngati anathawa chifukwa cha chikondi kapena njala. Ine mpaka pano ndikadasinthasintha maganizo.