Chiyankhulo ndi Kusintha kwa Maphunziro a Ukachenjede m'Malaŵi: Phunziro Lochokera ku Ntcheu

1. Mawu Oyamba

M'zaka zochepa zapitazi maphunziro a ukachenjede m'dziko muno asintha kwambiri. Mu 2012 koleji ya Bunda inapatuka ku Yunivesite ya Malaŵi n'kukhala LUANAR. Mu 2020 boma linathetsa kasankhidwe ka ophunzira kotsata maboma ochokera, kamene kanapatsa boma lililonse, Ntcheu yemwe, malo khumi osapikisana. Kenaka pa 4 May 2021 yunivesite yaikuluyo inagaŵidwa patatu: Polytechnic inasanduka MUBAS, College of Medicine pamodzi ndi Kamuzu College of Nursing zinasanduka KUHeS, ndipo dzina lakale linatsalira Chancellor College ku Zomba.

M'pepala lino tikufuna kusonyeza kuti kusintha konseku kwayankha mafunso aŵiri okha: ndani aloŵe m'yunivesite, ndipo ndani ailamulire. Funso lachitatu, lakuti nzeru zophunzitsidwazo zidzabwerera kwa eni dziko m'chiyankhulo chanji, silinapatsidwe malo pa bwalo la zokambirana. Ife tiyesa kuti funso limeneli ndilo limaulula chimene yunivesite imachiŵerengera mtengo, ndipo mbiri ya boma la Ntcheu ikutithandiza kuona chifukwa chake.

2. Ulemu Wopanda Ntchito

Chicheŵa sichinasoŵepo ulemu. Msonkhano waukulu wa chipani cha MCP wa mu 1968 unachikweza kukhala chiyankhulo cha fuko. Mu 1972 linakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board, limene linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Ku Chancellor College kunatsegulidwa dipatimenti ya Chicheŵa ndi sayansi ya ziyankhulo. Bungwe lija litathetsedwa, ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies mu 1996, ndipo likululi linatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000.

Koma tikayang'ana ntchito imene chiyankhulochi chapatsidwa, chithunzi chake ndi china. Wofuna kuloŵa m'yunivesite ya boma ayenera kukhoza bwino maphunziro asanu ndi limodzi pa mayeso a MSCE, ndipo Chingerezi chiyenera kukhala chimodzi mwa iwo. Mwana wokhoza masamu ndi sayansi koma wopunthwa pa Chingerezi amatsekeredwa kunja. Wosadziŵa kulemba ndime imodzi m'chiyankhulo chilichonse cha m'dziko muno amaloŵa popanda womufunsa. Sukulu ya Kamuzu Academy itatsegulidwa mu 1981 inakakamiza ophunzira Chilatini ndi Chigiriki, pamene mwini sukuluyo ndiye anali mtetezi wamkulu wa Chicheŵa pa misonkhano. Ndipo mu 2014, potsatira lamulo latsopano la maphunziro, nduna ya nthaŵiyo, Dr. Lucius Kanyumba, phungu wa ku Ntcheu, inalengeza kuti ana aziphunzitsidwa m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Chilengezochi chinafafaniza chilolezo cha mu 1996 chophunzitsira makalasi anayi oyamba m'chiyankhulo cha kumudzi.

Ngakhale kafukufuku wa Chicheŵa chenichenicho amachitika m'Chingerezi. Buku la Mark Hanna Watkins la mu 1937, limene Kamuzu Banda anathandiza kulemba ali wophunzira ku Chicago, ndi la Sam Mchombo la mu 2004, onse ndi a m'Chingerezi. Taonani ziganizo ziŵiri izi: "Mlimi anagulitsa mbatata" ndi "Mlimi anazigulitsa mbatata." Kachidutswa ka -zi- kameneko, ndi tinzake totere, kanazunguza mitu ya akatswiri m'maiko ambiri kuyambira pamene Joan Bresnan ndi Mchombo anasindikiza kafukufuku wawo mu 1987, posonyeza kuti kamagwira ntchito ya mloŵam'malo ndipo kamamasula dzina kuti liime paliponse m'chiganizo. Mphunzitsi wa Chicheŵa wa ku Bilila kapena ku Kasinje, amene amakatchula kachidutswako tsiku lililonse, alibe poŵerengera mkangano umenewu m'chiyankhulo chake chomwe.

3. Chimene Ntcheu Akutiphunzitsa

Boma la Ntcheu ndi kwawo kwa Angoni a Maseko, amene anakhazikika m'mapiri a kumalire a Malaŵi ndi Mozambique m'zaka za m'ma 1870. Iwo anabwera ndi chiyankhulo chawo, chofanana ndi Chizulu ndi Chiswati, ndipo anali olamulira. Komabe chiyankhulo cha olamulirawo ndicho chinazilala. Ana obadwa kwa amayi a mitundu yogonjetsedwa anayamwira Chicheŵa, analima nacho, anaŵeta nacho, anakangana nacho. Chingoni chinatsalira pa maina aulemu monga Inkosi ya Makosi ndi nduna, pa ziwongo, pa nyimbo za ngoma ndi pa kuthokoza mafumu. Palibe amene anachinyoza. Ufumu wa Gomani unalimba ndithu, kuyambira pa Gomani woyamba amene Angerezi anamupha mu 1896 kufikira Philip Gomani amene anakana chitaganya mu 1953. Chimene chinachitika n'chakuti Chingoni chinasungidwa pa mwambo n'kulandidwa ntchito, ndipo lero pa chikondwerero cha Umhlangano ku Nkolimbo anthu ambiri amaimba mawu amene sangathe kuwamasulira.

Sitikunena kuti Chicheŵa chidzatha monga Chingoni cha kwa Gomani. Kalembera wa mu 1998 anapeza kuti anthu 57 mwa 100 alionse amachiyankhula pakhomo, ndipo chikufalirafalirabe. Phunziro lake ndi lakuti chiyankhulo chimakula kufikira pamene ntchito yake yalekezera. Pamene sichigwiritsidwa ntchito, ulemu wokha suchipatsa mawu. Monga Chingoni chinatsalira pa bwalo la gule, Chicheŵa chatsalira kunja kwa chipinda chophunzirira zamankhwala, zamalamulo ndi zaulimi. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Mtengo wa mkhalidwe umenewu amalipira ndi anthu wamba. Ganizani za mlangizi wa zaulimi wotumizidwa kwa alimi a kachewere ku Tsangano. Iye anaphunzira zaka zinayi za matenda a mbewu m'Chingerezi, nalemba mayeso m'Chingerezi. Tsiku limene chiwawu chagwa m'munda ayenera kufotokoza m'Chicheŵa chiyambi cha nthendayo, chifukwa chimene imakondera nyengo yachinyezi, ndi muyeso wa mankhwala. Palibe anamuphunzitsa ntchito yomasulirayi, palibenso anamuyesa. Chimodzimodzi namwino wofotokoza za kuthamanga kwa magazi, ndi woweruza wofotokozera woimbidwa mlandu za ufulu wake. Gawo lovuta koposa la ntchito yawo yunivesite yalisiyira mwayi ndi luso lobadwa nalo.

Pali chinanso chimene Ntcheu akusonyeza. Pa msika wa Lizulu msewu waukulu ndiwo malire: mbali ino Malaŵi, mbali inayo Mozambique. Wophunzira wa kuno ali ndi Chingerezi, wa tsidyalo ali ndi Chipwitikizi, ndipo aŵiriŵa akakumana amamvana m'Chicheŵa. Tsono amene amati ziyankhulo zathu n'zam'mudzi, zosatha kuoloka malire, ayambe waima pa Lizulu tsiku la msika.

4. Zifukwa za Otsutsa

Otsutsa ali ndi zifukwa zitatu zoyenera kuyankhidwa mwaulemu. Choyamba amati Chicheŵa chilibe mawu a sayansi. Koma mawu sabadwa ntchito isanayambe. Pamene kunafunika kuphunzitsa malamulo a chiyankhulo m'sukulu, anapezeka mawu monga mneni, mfotokozi, muonjezi, mperekezi, mwininkhani, pamtherankhani ndi mphatikiram'mbuyo, ndipo lero mwana wa ku sekondale amawatchula osadodoma. Mawu otere analekezera pa Folomu 4 chifukwa ntchitoyo inalekezera pomwepo. Ku Tanzania, Yunivesite ya Dar es Salaam imaphunzitsa Chiswahili m'Chiswahili mpaka pa digiri yapamwamba, ndipo mawu ofunika anapangidwa m'kati mwa kuphunzitsako.

Chachiŵiri amati kukweza Chicheŵa ndi kupondereza mitundu ina. Chifukwa chimenechi n'cholemera, pakuti chigamulo cha mu 1968 chinachotsa Chitumbuka pa wailesi ndi m'sukulu, ndipo bala lake silinapole. Koma mankhwala a tsankho si kumana onse mofanana. Chimene tikupempha chikhudza Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe, Chisena, Chitonga ndi Kyangonde pamodzi ndi Chicheŵa, aliyense malinga ndi anthu amene adzawatumikire.

Chachitatu amati Chingerezi ndicho khomo la ntchito ndi la dziko lapansi. Tikuvomereza, ndipo sitikufuna kuti chichotsedwe. Dokotala wathu aŵerenge zimene anzake a ku London ndi ku Johannesburg alemba. Funso lathu ndi lakuti akatha kuŵerengako, wodwala wa ku Nsipe adzamva bwanji.

5. Zoyenera Kuchita

Zimene tikupempha sizifuna nyumba zatsopano kapena lamulo la ku Nyumba ya Malamulo. Makhonsolo a mayunivesite angathe kuzilamula okha. Choyamba, wophunzira aliyense wa zaulimi, zaumoyo, zamalamulo ndi zauphunzitsi ayesedwe pa kufotokoza ntchito yake, pakamwa ndi polemba, m'chiyankhulo chimodzi cha m'dziko muno, ndipo asalandire digiri asanakhoze mayesowo. Chachiŵiri, kafukufuku aliyense wa digiri yachiŵiri ndi yachitatu akhale ndi chidule cha masamba angapo m'chiyankhulo cha anthu amene anafunsidwa mafunso. Zidule zimenezi zikasonkhanitsidwa ku Centre for Language Studies zidzakhala nkhokwe ya mawu ochokera kwa eni ntchito. Chachitatu, maphunziro ena a Chicheŵa, makamaka a chaka choyamba ndi a ophunzira uphunzitsi, aziphunzitsidwa ndi kuyesedwa m'Chicheŵa. Apa udindo uli pa madipatimenti a ziyankhulo, pakuti sitingauze a zaulimi kuchita chimene ife eni tikuchizengereza.

Mu 2011 aphunzitsi a ku Chancellor College analeka kuphunzitsa kwa miyezi yambiri poteteza ufulu wa maphunziro, mkulu wa apolisi atafunsa Dr. Blessings Chinsinga za zimene ananena m'kalasi. Anaonetsa kuti yunivesite imadziŵa kuimirira mfundo ikaiŵerengera mtengo. Ufulu woyankhula umene anaumenyerawo udzakwanira pamene mlimi wa ku Tsangano, amene msonkho wake umathandiza kulipira maphunzirowo, adzatha kumva chimene chikuyankhulidwa.