Woperekera chakudya amene sankaloledwa kudya

Pa 26 Julaye 2021, dziko la Ireland linatsegulanso mabala ndi malo odyera kuti anthu azikhala mkati, koma khomo silinatsegukire aliyense. Mwa anthu akuluakulu, ankaloledwa kulowa ndi okhawo amene anabaya katemera wa Covid-19 mokwanira, kapena amene anadwala matendawa n'kuchira m'miyezi isanu ndi umodzi yapitayo. Ine ndikuona kuti kutsegulako kunali koyenera, koma lamulolo linasenzetsa katundu anthu amene sanalakwe chilichonse.

Tiyambe ndi zimene boma la Micheál Martin linali nazo m'manja. Mabala anatsekedwa mu Malichi 2020, ndipo ena a mu Dublin amene sagulitsa chakudya anatha chaka chathunthu osatsegula. Boma linkalipira ochotsedwa ntchito ndalama zofika mayuro 350 pa sabata, ndipo thumba lotero silikhala lodzaza mpaka kalekale. Tsiku lotsegula linali litaikidwa kale pa 5 Julaye, koma alangizi a zaumoyo, motsogozedwa ndi Tony Holohan, anachenjeza kuti kachilombo ka mtundu wa Delta kakufalikira mofulumira. Boma linasuntha tsikulo n'kukonza lamulo latsopano, limene nyumba ya malamulo ya Dáil inavomereza ndi mavoti 74 kwa 68. Kuchepa kwa kusiyanaku kukusonyeza kuti ngakhale aphungu mitima inali iwiri.

Vuto lagona pa mzere wa katemera. Ireland inayamba kubaya okalamba ndi odwala, monga zinayenera kukhalira, ndipo achinyamata anauzidwa kuti adikire. A zaka 18 mpaka 34 anayamba kulandira katemera m'mafamase pa 5 Julaye, kutangotsala masabata atatu kuti malo odyera atsegulidwe. Choncho ambiri amene anatsala panja sanakane katemera ayi; nthawi yawo inali isanakwane. Boma lomwe linawaika kumapeto kwa mzere ndi lomwenso linawatsekera khomo chifukwa chokhala kumapeto.

Chodabwitsa kwambiri n'chakuti lamulolo silinkakhudza ogwira ntchito. Mtsikana wa zaka 20 wosabaya ankatha kuyenda pakati pa matebulo tsiku lonse atanyamula mbale, koma akaweruka sankaloledwa kukhala pampando m'lesitilanti ina n'kugula chakudya. Ngati chipinda chotero chinali choopsa kwa iye pa ola limodzi la kudya, nanga maola onse a ntchito? Ndipo ntchito yofunsa ziphaso pakhomo, ndi mawu achipongwe amene amabwera nayo, inagweranso antchito omwewa. Panalinso kukondera kwina: mahotela anali ataloledwa kale kudyetsa alendo awo mkati kuyambira pa 2 Juni, moti wokhala ndi ndalama ya chipinda ankadya pansi pa denga pamene mwini lesitilanti yoyandikana nayo akuika matebulo pamsewu.

Oikira kumbuyo lamuloli ali ndi mfundo yolimba, ndipo sindikuinyoza. Iwo amati kudikira kuti aliyense abaye kukanapweteka achinyamata omwewo, popeza ndiwo ambiri ogwira ntchito m'malo amenewa. Bala ikagwa, woyamba kusowa pogwira ndi woperekera mowa. Kufanana kumene kumasiya onse ali ndi njala sikuthandiza munthu. Ndikuvomereza. Koma nkhani sinali yosankha pakati pa kutsegulira ena ndi kutsekera onse.

Njira yachitatu inalipo. Chiphaso cha European Union chimene Ireland inagwiritsa ntchito chinali ndi zipata zitatu: katemera, kuchira, ndi kuyezetsa n'kupezeka wopanda kachilombo. Ireland inatenga ziwiri n'kusiya chachitatu. Denmark inali itatsegula malo odyera mkati mu Epulo 2021 ndi chiphaso chovomereza kuyezetsa, ndipo kuyezetsako kunali kwaulere. Zoona, kuyezetsa kwachangu nthawi zina kumaphonya. Komatu katemeranso, ngakhale anapulumutsa anthu ambiri ku imfa, sanaletse kufala kwa kachilombo kotheratu: mu Disembala 2021, Omicron itafika, mabala analamulidwa kutseka pofika 8 koloko madzulo ziphaso zili m'manja. Lamulo la ziphasolo linachotsedwa pa 22 Januwale 2022.

Mliri wina ukadzabwera, muyeso wanga ndi uwu. Boma lisadzafune kwa munthu chinthu chimene lokha silinathe kumupatsa. Likadzaika chotchinga pakhomo, lidzasiye chipata china chosalira ndalama. Ndipo chitetezo chimene chikuganiziridwa kwa wodya chidzayambire kwa wophika ndi woperekera, chifukwa ndiwo amapuma mpweya wa m'chipindamo kuyambira potsegula mpaka potseka.