Za Mbale ya Survival ndi Kasungidwe Kake

Kapena ena a inu, abale athu a kuno ku Nzama, muli nazo mbale zakuda za galamafoni zimene atate anabwera nazo pochokera ku nchito ku Harare kapena ku Joni. Tifuna kunenapo za imodzi ya izo, dzina lake Survival, ndiko kunena kuti kupulumuka. Anaiimba Bob Marley wa ku Jamaica pamodzi ndi anzake a The Wailers, ndipo inatuluka m'chaka cha 1979.

Pa chikuto chake pali mbendera za maiko a mu Afrika, ndi chithunzi cha chombo cha akapolo, anthu atagonekedwa mothithikana ngati nkhuni. Potero munthu asanamve kanthu wadziwa kale mlandu wake: ana a iwo amene anagulitsidwa kutsidya kwa nyanja ali kuitana abale ao otsala kuno.

Maimbidwe ake ndi odekha. Ng'oma sithamanga, ndipo gitala wa mau akulu ayenda pansi pang'onopang'ono, kusiyira mau malo kuti amveke. Ichi ndicho tiyamika koposa, pakuti woimbayo sakuwa, koma adandaula monga munthu wamkulu pabwalo. Nyimbo yotchedwa Zimbabwe anakaiimba mwini wake ku bwalo la Rufaro mu April 1980, pamene dzikolo linalandira ufulu. Iye anamwalira mu 1981.

Komatu tipezapo chosowa chimodzi. Nyimbo ya Africa Unite iitana mitundu kuti igwirizane, koma siinena kulemera kwa katunduyo. Ife a ku Ntcheu tikudziwa, popeza malire analekanitsa Angoni a kuno ndi abale ao a ku Angonia. Ndipo pa nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, othawa anafika pa makomo athu, nafuna malo, nkhuni ndi ufa. Umodzi wotere sutha ndi kuimba kokha ai.

Chinkana chomwecho, mbaleyi iyenera kusungidwa, kuti adzukulu adzaimve yonse, mbali iyi ndi inayo, nadzaweruze okha. Tsono tamverani. Poinyamula gwirani m'mphepete, chifukwa mafuta a zala akoka fumbi, ndipo fumbi litseka timizere m'mene muli mau. Pukutani ndi kansalu kofewa, mozungulira potsata timizereto. Mukatha kumvera, ibwezereni m'chikuto chake, nimuiimike chilili. Musasanjikize mbale zambiri pamodzi. Ikhale kutali ndi dzuwa ndi moto, pakuti ikatenthedwa ipindika, ndipo kuiongola nkobvuta. Singano yakutha muichotse msanga, popeza idya mbale monga nankafumbwe adya chimanga. Mbale ikakandika singano ilumpha, ndipo mau amene yalumphawo sabweranso.